Momwe mungasankhire phiko ndi injini ya paramotor, n'kuzichuna kuti zigwirizane ndi mpweya wa kuno

Paramotor ndi ndege yoti munthu amachita kuibereka: injini ya petulo kumsana, pulopela yozungulira m'kati mwa khola la zitsulo ndi ukonde, ndi phiko la nsalu lomwe likadzaza mpweya limakunyamulani pa zingwe. Zipangizo zake pafupifupi zonse zimapangidwa kunja, makamaka ku Ulaya, ndipo mphamvu zimene opanga amalemba m'mabuku mwawo amaziwerengera pa mpweya wa m'mbali mwa nyanja yamchere, wozizira madigiri 15. Kuno zinthu sizili choncho. Lilongwe ndi Blantyre ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, Mzuzu ali cha m'ma 1,250, pomwe nyanja ya Malawi ili pansi, sikufika ndi 500 yomwe. Mpweya wa kumtunda ndi wopepuka, ndipo ukatentha umapepukirako. Masana a October kukatentha madigiri 30, mpweya wa ku Lilongwe umakhala ngati wa pamalo okwera mamita pafupifupi 1,800. Phiko limanyamula mofooka, injini imapuma mopereweza, pulopela imakankha pang'ono. Chilichonse chimene musankhe kapena kuchuna chiyambire pamenepa.

Tisanapite patali: nkhani ino siilowa m'malo mwa mphunzitsi. Ku South Africa maphunziro ndi ziphaso zimayendetsedwa ndi bungwe la SAHPA, ku Britain kuli la BHPA, ndipo m'mayiko ambiri muli aphunzitsi a bungwe la APPI. Phunzirani kaye, mugule pambuyo. Mufunsenso akuluakulu oona za maulendo apandege za chilolezo ndi malo oletsedwa, makamaka kufupi ndi mabwalo a ndege monga Chileka ndi Kamuzu.

Choyamba, kwerani pa sikelo ndi katundu yense

Phiko salisankha ndi kulemera kwa thupi lokha. Amawerengera chilichonse chimene chichoke pansi. Tiyerekeze munthu wa makilogalamu 75. Paramotor yopanda mafuta ndi 25, malita 10 a petulo ndi 7.5, phiko lenilenilo 5.5, parachuti yopulumukira 2, chisoti, nsapato ndi zovala 4. Zonse pamodzi ndi 119. Nambala imeneyi ndiyo mupite nayo pa tebulo la wopanga phiko, ndipo muyang'ane mzere wa zouluka ndi injini, chifukwa mapiko ambiri ali ndi malire awiri, ena a injini, ena a kuuluka kopanda injini.

Chachiwiri, phiko

Gawani kulemera kuja ndi kukula kwa phiko. Makilogalamu 119 pa phiko la masikweya mita 26 ndi 4.6 pa mita iliyonse. Pa phiko la 22 ndi 5.4. Kusiyanako kumaoneka kochepa papepala, koma miyendo imakumva. Phiko laling'ono limathamanga, limakhota mwaukali, limafuna kuti muthamange kwambiri ponyamuka, ndipo potera limafika pansi ndi liwiro. Lalikulu limanyamuka msanga koma limavuta kuligwira kukakhala mphepo. Wouluka kumtunda kuno amene wagwa pakati pa masaizi awiri, ine ndingamuuze atenge lalikululo. Makanema a pa YouTube a anyamata ouluka pa timapiko ta 16 kapena 18 asakukopeni. Ambiri a iwo ali ndi zaka zambiri m'mwamba, ndipo amanyamukira pa udzu wosalala wa kumalo otsika.

Kenako onani chiphaso. Muyezo wa EN 926-2 umagawa mapiko m'magulu A, B, C ndi D. Gulu A ndi lofatsa, lodzikonza lokha likapindika. D ndi la akatswiri. Woyamba kumene akhale pa A, kapena B yofatsa ngati mphunzitsi wavomera. Koma dziwani kuti mayeso a EN amachitika popanda injini, pa kulemera kwakutikwakuti, ndipo kawirikawiri ma trimmer (timalamba tofupikitsira kapena kutalikitsira zingwe zakumbuyo za phiko) ali otseka. Mukawatsegula kapena kupyola kulemerako, chilembo chija sichikukulonjezaninso kanthu. Mapiko ena a paramotor ali ndi kalata yokha ya DGAC, bungwe loona za maulendo apandege ku France, yomwe imasonyeza kuti phikolo ndi lolimba ndipo linalembetsedwa, koma sinena kuti ndi lofatsa motani.

Mudzamvanso mawu akuti reflex. Limeneli ndi phiko lomwe kumbuyo kwake kumatukuka pang'ono mukatsegula ma trimmer, kotero kuti limathamanga koma silipindika msanga kutsogolo. Lili ndi lamulo lake: pa mapiko ambiri otere, mukakhala pa liwiro lonse simukoka mabuleki akuluakulu (zingwe za m'manja zokokera kumbuyo kwa phiko), chifukwa mumaphwanya kaumbidwe komwe kakukutetezani. Mumakhotera tizingwe ta kumapeto kwa phiko. Mapiko oyambira odziwika ndi monga Ozone Mojo PWR, Dudek Universal, ITV Boxer ndi BGD Magic Motor.

Phiko logwiritsidwapo kale ntchito lingakupulumutsireni ndalama, koma musaliweruze ndi maso. Dzuwa limadya nsalu mwakachetechete, mpweya n'kuyamba kudutsa m'timabowo tosaoneka. Funsani lipoti la posachedwa la amene analiyeza: kadutsidwe ka mpweya pa nsalu, kulimba kwa zingwe, ndi kutalika kwa chingwe chilichonse. Wogulitsa akamazemba za lipoti, siyani.

Chachitatu, injini ndi pulopela

Injini zambiri za paramotor ndi za two-stroke, ndipo mayina amene mudzakumane nawo kwambiri ndi a ku Italy. Vittorazi Atom 80 ndi yopepuka, makilogalamu 10 ndi pang'ono, mphamvu ya mahatchi 16. Top 80 ili m'gulu lomwelo. Vittorazi Moster 185 imalemera cha m'ma 14, mahatchi 25, ndipo ndi pulopela ya masentimita 130 imakankha makilogalamu pafupifupi 75. Polini ali ndi mndandanda wa Thor, ina mwa iyo yoziziritsidwa ndi madzi, yoyenera onyamula anthu awiri kapena ouluka ndi matayala.

Injini imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse okwera. Ku Lilongwe mwataya kale gawo limodzi mwa magawo 10 musanaganize za kutentha. Choncho Atom 80 yomwe imamukwanira munthu wa makilogalamu 75 ku gombe la ku Italy ikhoza kumuthamangitsa bwalo lonse kuno, n'kukwera mokakamiza mitengo ili kutsogolo. Munthu wopepuka kwambiri angaikonde chifukwa siithyola msana. Kwa ena onse, 185 ndi yomwe imasiya mphamvu yapadera. Palinso chifukwa china chosakhudza kuuluka: Moster ndi yofala kwambiri, zipangizo zake sizivuta kuitanitsa kuchokera ku Johannesburg kapena ku Ulaya. Injini yachilendo ikathyoka kasipuling'i kamodzi mudzakhala miyezi pansi.

Pulopela musagule mwachisawawa. Iyenera kugwirizana ndi injiniyo, ndi kachepetsedwe ka liwiro lake (Moster imabwera ndi 2.68 kapena 2.87), komanso mbali imene imazungulira. Injini za lamba ndi za magiya zimazunguza pulopela mosiyana, n'chifukwa chake ya lamba imakukokerani kumanja mukaponda moto, ya magiya kumanzere. Yamatabwa ndi yotchipa, yabwino pophunzira poti mudzathyolapo. Ya carbon ndi yopepuka, imamva msanga.

Chachinayi, dzipachikeni musanauluke

Pezani mtanda wolimba kapena nthambi yaikulu, mumangirire zingwe ziwiri pa makarabina (zokolekera zachitsulo zomwe phiko limakolekedwapo), muvale zonse monga mukuuluka, thanki ili ndi mafuta theka, injini yozima. Khalani m'mpando, miyendo ichoke pansi, mnzanu ajambule chithunzi cha m'mbali. Khola liyenera kupendekera chambuyo pang'ono chabe, mwa madigiri amene wopanga analemba. Mukagonera kumbuyo kwambiri, injini imakupotozani pansi pa phiko ndipo kutera n'kovuta. Mukaweramira kutsogolo, mpando umakukanani. Sunthani malo opachikira pa mikono yonse iwiri ya paramotor, bowo limodzi nthawi imodzi, mpaka zikhale bwino. Pomwepo yeserani kulowa ndi kutuluka mumpando osagwiritsa manja, ndi kupeza chogwirira cha parachuti osayang'ana.

Chachisanu, mabuleki ndi zingwe

Kutalika kwa mabuleki kumadalira pomwe phiko lakolekedwa. Pa paramotor yokolekera m'mwamba, pamwamba pa mapewa, amafunika ataliko kusiyana ndi yokolekera m'munsi. Chofunika n'chakuti mukasiya zogwirira, kumbuyo kwa phiko kusakokeke ngakhale pang'ono, ngakhale ma trimmer atatseguka onse. Pakhale mpata wa masentimita pafupifupi 10 chingwe chisanayambe kukoka nsalu. Mbali zonse zifanane, mfundo ikhale imene buku lasonyeza, ndipo chingwe chotsala musachidule kapena kuchisiya chikulendewera poti pulopela ingachimeze. Yesani pansi, phiko lili pamutu, musanapite nalo m'mwamba.

Zingwe zimasintha ndi nthawi. Zakumbuyo, poti sizinyamula katundu wambiri, zimakonda kufupika. Phiko likayamba ulesi podzuka, likumatsalira kumbuyo, musaliimbe mlandu wa ukalamba musanayeze zingwe. Amaziyeza atazikoka ndi makilogalamu 5, n'kufananiza ndi tebulo la wopanga. Opanga ambiri amati phiko liyezedwe pakatha zaka 2 kapena maola 100 mpaka 150.

Chachisanu ndi chimodzi, mafuta ndi kabuleta

Apa ndi pomwe injini zambiri zimafera. Two-stroke ilibe oyilo wa m'kati ngati njinga zamoto za kabaza. Oyilo wake amayenda ndi petulo. Thirani wa two-stroke weniweni, wa synthetic, pa mlingo wa m'buku, womwe nthawi zambiri umakhala 2 mpaka 2.5 peresenti. Pa malita 5, 2 peresenti ndi mamililita 100, ndipo 2.5 ndi 125. Yezani ndi kapu ya manambala, sakanizani m'chigubu choyera, sefani pothira. Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu ayi.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi ndipo amaumitsa timapaipi ndi timphira ta m'kabuleta. Choncho musasunge mafuta osakaniza kwa milungu, ndipo timphira timeneti muzisintha chaka chilichonse ngakhale injini ikumveka bwino.

Kabuleta yofala ndi ya Walbro, mtundu womwe uli pa makina ochekera mitengo. Ili ndi tisikuluu tiwiri ta mafuta: L wa moto wochepa ndi wapakati, H wa moto wonse. Mukamanga mumachepetsa mafuta, mukamasula mumaonjezera. Yambani pomwe fakitale inalemba. Injini itenthe kaye. Pondani moto mwachangu: ikatsamwa ngati ikufuna kuzima, L akuperewera mafuta, mumasule, ikamachita phuphuphu ndi utsi wambiri isanakwere, achuluka. Sunthani pang'onopang'ono, mtunda wa mphindi zisanu pa nkhope ya wotchi, muyese, kenako musunthenso. H musamukhudze mopanda chida chowerengera kazunguliridwe ka injini ndi choyezera kutentha kwa mutu wake. Pa injini zina opanga anamumata dala.

Pulagi ndiyo mboni. Mukauluka, itulutseni muione. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wothira mkaka, zili bwino. Yakuda ndi yonyowa, mafuta achuluka. Yotuwa kapena yoyera, mafuta akuperewera, ndipo musaulukenso musanakonze. Mafuta ochuluka amangodetsa pulagi ndi kufooketsa injini. Operewera amatenthetsa pisitoni mpaka kumatirira kapena kubooka, injini n'kuzima muli m'mwamba. Choipa chake, injini yoperewera mafuta imalira mokoma ndi mwamphamvu isanafe.

Tsono nayi mbuna ya kuno. Kumtunda mpweya ndi wochepa, ndiye injini imaoneka kuti ikumwa mafuta ambiri, mwini wake n'kumanga tisikuluu kuti ilire bwino. Loweruka wanyamula paramotor, watsikira ku Salima kapena ku Mangochi, mamita 500 kapena 600 pansi. Mpweya wachuluka, mafuta ndi omwe aja: injini yayamba kuperewera. Zomwezo zimachitika mukachuna mu October n'kudzauluka m'mawa wozizira wa June. Lamulo lake ndi losavuta. Mukatsika kapena kukazizira, bwezerani tisikuluu pa fakitale musanalize injini. Ngati simukufuna kumavutika, isiyeni pa fakitale nthawi zonse, mulolere kutaya mphamvu pang'ono kumtunda.

Injini yatsopano imafuna kuizoloweza maola oyambirira monga buku likunenera, osaisiya pa moto wonse nthawi yaitali. Ikatha nthawi imeneyo mangitsaninso mabawuti a mutu ndi a pulopela, muone kukungika kwa lamba.

Poliza ndi poyesa

Ngozi zambiri zoopsa za paramotor zimachitika pansi, pulopela ikadula zala kapena dzanja. Musalize injini itangoima pansi inu mutaigwira ndi dzanja limodzi. Ilizeni mutaibereka, kapena itamangidwa zolimba pa choimikira. Musanakoke chingwe, finyani chopondera moto kangapo, muone ndi maso kuti pa kabuleta chikubwerera chokha, chala chikhale pa batani lozimitsira, ndipo mufuule kuti anthu atalikire. Kumudzi ana amathamangira phokoso, choncho pakhale munthu wamkulu wowaletsa.

Mukasintha chinthu, sinthani chimodzi chokha, muuluke, mulembe m'kabuku zomwe mwaona: malo, kutentha, pomwe pali tisikuluu, mtundu wa pulagi. Kuyesako kuchitike m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, osati masana a chilimwe pomwe akamvuluvulu amadzuka m'minda, ndiponso osati kunyanja mwera ukuomba. Zungulirani pamwamba pa bwalo lomwe mwanyamukira, pamtunda woti injini itazima mutera bwinobwino. Pamwamba pa madzi musayeserepo injini yongochunidwa kumene, ndipo tsiku limene mudzaulukepo muvale chokuyandamitsani, chifukwa paramotor ikagwera m'madzi imamira ndi mwini wake ali chimangidwire m'malamba.