Momwe komiti ya chipatala ingayezere ntchito ya chipatala chaching'ono m'dera lanu

Mwezi uliwonse chipatala chaching'ono, kaya cha boma kaya cha CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), chimatumiza lipoti ku ofesi ya DHO (yoyang'anira zaumoyo m'boma lonse), ndipo ziwerengerozo zimalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta momwe Unduna wa Zaumoyo umasungira zinthu zotere. Nthawi zambiri zimathera komweko, osabwereranso kwa eni dera. Komiti ya chipatala ikhoza kuzibweza, ndipo sipafunika kompyuta.

Yambani ndi kupempha a in-charge malipoti a miyezi itatu yapitayi. Mayina a odwala sakukukhudzani, mukufuna ziwerengero zokha. Sankhani zinthu zinayi kapena zisanu, osapitirira apo: katemera wa ana, amayi oyamba sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu, amayi ochirira kuchipatala, ndi masiku amene mankhwala anatha.

Kenako musakhutire ndi nambala yoima payokha. Wina akati "tabaya ana 90", funsani kuti mwa ana angati. Katemera wa Penta, woteteza ana ku matenda asanu, ndiye amaonetsa bwino zimenezi, chifukwa mwana amalandira katatu, ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Tiyerekeze kuti ana 120 analandira Penta 1, koma pa Penta 3 anafika 90 okha. Chotsani 90 pa 120, atsala 30. Gawani 30 ndi 120, muchulukitse ndi 100: ana 25 mwa 100 alionse anasowera panjira. Zikapitirira 10 pa 100, ndiye kuti pali vuto. Apa itanani alangizi a zaumoyo, poti ndi amene amadziwa mudzi umene mtsinje umadula nthawi ya dzinja, kapena kumene sikelo ya kumudzi inasiya kuchitika chifukwa njinga inafa.

Chachitatu, yang'anani ngati lipoti likugwirizana ndi kaundula. Wogwira ntchito awerenge mizere ya mwezi umodzi, inu mufananize ndi zomwe zinatumizidwa. Kusiyana pang'ono kumachitika, makamaka namwino akakhala yekha. Kusiyana kwakukulu mwezi ndi mwezi si kongonyalanyaza.

Za mankhwala n'zachidule: pa stock card (khadi lolembapo mankhwala olowa, otuluka ndi otsala) ya LA, zida zoyezera malungo ndi amoxicillin, werengani masiku amene panalembedwa ziro.

Komabe kaundula salemba kuti chipatala chinatsegulidwa 10 koloko, kapena kuti mayi anakalipiridwa ali pa ululu wa kubereka. Izi zimatuluka ndi Community Score Card, njira imene bungwe la CARE Malawi linayambitsa mu 2002. Amayi, abambo ndi achinyamata amakhala pagulu lawolawo n'kupereka mapointi pa nkhani monga ulemu, nthawi yodikira ndi ukhondo, ndipo amanena chifukwa chake. Ogwira ntchito nawonso amadzipatsa mapointi. Kenako mbali zonse zimakumana pamaso pa mafumu ndi a ku ofesi ya DHO. Wotsogolera akhale munthu wosakondera. Msonkhanowu ukasanduka bwalo la milandu, ulendo wotsatira ogwira ntchito adzabisa makaundula.

Lipoti lanu likwane pepala limodzi: chinthu choyezedwa, nambala ya miyezi itatu yapita, ya panopa, chochita, wochita ndi tsiku lomaliza. Mulilembe katatu: limodzi mumate pakhoma la chipatala, lina lipite ku ADC (komiti ya chitukuko ya m'dera), lina ku DHO. Pakatha miyezi itatu, msonkhano uyambe ndi kuwerenga zimene munalonjezana, mzere ndi mzere.