Chingwe chomangomanga mfundo poponya nyambo zopepuka

Nyambo zopanga zimene ndimaponya ndili pagombe la nyanja yamchere n'zopepuka, za magalamu 7 mpaka 14. Zinkagwera pafupi, ndipo chingwe cholukidwa cha braid chinkatuluka mu reel, chipangizo chopukusira chingwe, chitapotana n'kumanga mfundo zosamasulika, makamaka mphepo ikamawomba kumaso.

Ndinayamba ndi ndodo yowedzera. Pafupi ndi chogwirira amalembapo kulemera kwa nyambo yoyenera, ndipo yanga inalembedwa 20-60g. Nyambo yaing'ono siingapinde ndodo yolimba choncho, ndiye siiuluka. Ndinatenga ina ya mamita 2.4, ya 5-21g, yofewa kunsonga, n'kuikapo reel ya saizi 2500. Kutalika kwa kaponyedwe kunasintha pomwepo.

Koma mfundo zinakana kutha. Nditayang'anitsitsa, kagudumu kakang'ono komwe chingwe chimadutsapo polowa mu spool, mbali ya reel imene chingwe chimakulungikapo, sikankazungulira, mchere unali utaumiramo mbuu. Kakaima, chingwe chimangokhula n'kumapotana. Ndinakamasula, kukatsuka, n'kudonthezamo mafuta pang'ono. Ndinachepetsanso chingwe kuti patsale mamilimita 2 kufika pamlomo wa spool, chifukwa ikadzaza kwambiri chingwe chimakhuthuka chambiri nthawi imodzi.

Chimene ambiri amachipeputsa n'chakuti ndikaponya ndimatseka ndi dzanja kawaya ka reel kamene kamatsekulidwa poponya, n'kukoka chingwe kuti chikungike ndisanayambe kupukusa. Nyambo yopepuka siikoka mokwanira, choncho chingwe chimakulungika mosakungika, ndipo mfundo imabadwira pamenepo.

Ndikaweruka ndimatsuka reel ndi madzi opanda mchere oyenda pang'onopang'ono, drag (chomangira chimene chimalimbitsa spool nsomba ikamakoka chingwe) ili yomanga. Madzi amphamvu amakankhira mchere m'kati.