Kawerengedwe ka deferred tax asset kampani ikaluza

Deferred tax asset ndi ndalama za msonkho zimene kampani idzapulumutsa mtsogolo, ikadzachotsera zimene yaluza pa phindu lake. Musanayambe, khalani ndi maakaunti a chaka chonse, fomu ya msonkho yopita ku MRA, ndi IAS 12, lamulo la akawunti lofotokoza kalembedwe ka msonkho m'mabuku.

1. Pezani ndalama zimene kampani yaluza potsatira malamulo a msonkho, osati zimene zili m'mabuku anu.
2. Onjezani zimene mwalemba kale ngati zogwiritsidwa ntchito koma MRA idzazivomereza mtsogolo.
3. Chulukitsani ndi 30%, msonkho wa makampani ambiri ku Malawi. Mwachitsanzo, K10 miliyoni ikupatsani K3 miliyoni.
4. Ambiri amalakwitsa pano. Musalembe K3 miliyoni yonse popanda umboni woti kampani idzapanga phindu lokwanira nthawi yololedwa kuchotsera zoluzazo pa phindu isanathe. Lembani gawo lokhalo limene phindulo lingakwanitse.
5. M'mabuku, lembani ndalamazo ku debit ya deferred tax asset ndi ku credit ya akaunti ya msonkho (tax expense).
6. Unikaninso kumapeto kwa chaka chilichonse.