BP siimveka m'thupi, kayezetseni

"Ine BP ndilibe, mutu sundipweteka." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo ndi amene amapusitsa anthu. Kuthamanga kwa magazi kumatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osamva kanthu, uku mtima ukutopa ndi kupopa mokakamiza, mitsempha ikuuma. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 17.9 miliyoni anamwalira ndi matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi.

Ndiye yezetsani mukadali bwinobwino. Musafike n'kungopereka mkono muli wefuwefu. Khalani kaye pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo, ndipo poyezapo musalankhule. Makina akaonetsa 140/90 kapena kupitirira apo pa masiku awiri osiyana, BP ilipo. Shuga, fodya, kunenepa kwambiri ndi mafuta ochuluka m'magazi zikaphatikana ndi BP, mitsempha yodyetsa mtima imatsekeka msanga.

Mtima ukayamba kufooka umadzionetsa. Mumachita befu pokwera kachitunda komwe kale munkakwera mukucheza. Mapazi amatupa, mukadina ndi chala pamatsala kadzenje. Usiku mumawonjezera mapilo chifukwa mukagona chagada mukubanika. Izi pitani nazo kuchipatala sabata yomweyo.

Koma pachifuwa pakalemera ngati pakhala mwala, ululu n'kumatsikira kumkono wamanzere kapena kukwera kunsagwada, thukuta lili kamukamu, musadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala, ndipo musayendetse nokha galimoto. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina amangomva mseru ndi kufooka, ululu osaumva n'komwe.

Mankhwala a BP, monga amlodipine, sachiritsa ayi, amangoigwira kuti isakwere. Ambiri akaona kuti yatsika amataya mapiritsi, kuiwala kuti yatsika chifukwa cha mapiritsi omwewo. Imwani tsiku lililonse. Akakutupitsani miyendo kapena kukuchititsani chizungulire, kauzeni adokotala akusinthireni, osasiya nokha. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, kuwerengera ndi wa m'zakudya zogula kale. Yendani ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, ndipo fodya musiyiretu.

Ana nawo musawaiwale. Zilonda zapakhosi zobwera ndi kutentha thupi zikapanda kuchiritsidwa zimatha kudzawononga zitseko za mtima patapita zaka. Adokotala akapereka penicillin, mwana amalize yense ngakhale pakhosi patapola tsiku lachitatu.