Kafufuzidwe ka Buku Lakale Lachikopa: Poyambira ndi Zoyenera Kuyeza

Paul Durrieu, wa ku France, anabadwa mu 1855, anaphunzira ku École des chartes, sukulu yophunzitsa za zolembedwa zakale ku Paris, ndipo anagwira ntchito ku Louvre, nyumba yosungira zojambula ndi zinthu zakale ya mumzinda womwewo. Mu 1902 anasindikiza zithunzi za buku la mapemphero lolembedwa pamanja lomwe linkasungidwa mu laibulale ya ku Turin, ku Italy, mbali ya buku lalikulu lomwe poyamba linkapangidwira Jean, duc de Berry, kalonga wa ku France, koma kenako linagawidwa. Mu Januwale 1904 laibulaleyo inapsa, bukulo linapsera momwemo. Lero ofufuza zojambula zake, zina zomwe ambiri amati ndi za katswiri wojambula Jan van Eyck, amadalira zithunzi za Durrieu, zomwe zilibe mitundu. Choncho mukapatsidwa buku lotere, lembani ndi kujambula moti munthu amene sadzaliona adzathe kugwiritsa ntchito zanuzo.

Sambani m'manja, pukutani ziume, musadzole kanthu. Magolovesi asiyeni: amachititsa kuti zala zisamve tsamba ndipo amakola utoto womwe wayamba kukanganuka. Lemberani pensulo basi. Bukulo likhazikeni pa masiponji ochirikiza ndipo lisatseguke kupitirira madigiri 120. Ngati msana wake ndi wolimba, 90 akwanira. Mukalikanikiza kuti ligone, ulusi wa kumsana umaduka. Chikopa chimapindika chikamva mpweya wa m'chipinda, ndiye tsamba lotukuka ligonekeni ndi zingwe zolemera zomwe laibulale imapereka, m'mphepete mokha, osati pa inki kapena pa golide.

Mabuku ambiri otere amawerengedwa masamba athunthu, osati mbali iliyonse payokha. Kumaso kwa tsamba 12 ndi 12r, kuseri ndi 12v. Werengani nokha, chifukwa amene analemba manambala kale ankadumpha kapena kubwereza.

Ntchito yofunika kuidekhera ndi yowerenga mitolo. Wopanga buku ankasanjikiza zikopa, kawirikawiri 4, n'kuzipinda pakati kuti zipange masamba 8, n'kusoka mitoloyo pamodzi. Pezani ulusi pakati pa mtolo, muwerenge masamba a kumanzere ndi a kumanja kwake. Akakhala 4 uku 3 uku, tsamba limodzi lachoka, ndipo nthawi zambiri mupeza kachidutswa kotsala kumsana. Masamba odulidwa kawirikawiri amakhala aja okhala ndi zojambula, popeza ndiwo ankagulitsika. Onaninso mawu olembedwa m'munsi mwa tsamba lomaliza la mtolo: ayenera kufanana ndi mawu oyamba a mtolo wotsatira. Akasiyana, mtolo wasowa kapena wosoka anasokoneza.

Chikopa chili ndi mbali yomwe kunali ubweya, yoderako, yooneka timabowo, ndi mbali ya kumnofu, yoyera. Buku likatsegulidwa, ubweya umayang'anizana ndi ubweya, mnofu ndi mnofu. Caspar René Gregory, katswiri wa mabuku akale olembedwa pamanja, ndiye anafotokoza lamuloli. Pomwe lasweka, kayikirani, ngakhale mawu akuoneka kuti akuyenda bwino.

Poyeza, musakhulupirire kukula kwa tsamba. Osoka mabuku ankadula m'mphepete nthawi zambiri akamavekanso chikuto, moti masamba a buku limodzi atha kusiyana ndithu. Yezani malo olembedwa, msinkhu ndi mulifupi m'mamilimita, pa masamba angapo, muwerengenso mizere. Izi ndi zomwe zimagwirizanitsa tsamba lotayika ndi buku lake. Rula yachitsulo isakhudze tsamba.

Pojambula zimitsani fulashi, ikani choyezera ndi khadi la mitundu pambali. Jambulaninso kuseri kwa zojambula, masamba opanda kanthu ndi mkati mwa chikuto, momwe eni ake akale ankalemba mayina. Mitundu ifotokozeninso m'mawu.

Mizere yomwe mlembi ankalemberapo imathandiza kudziwa zaka. Yokandidwa ndi chosongoka popanda mtundu ndi yakale. Ya mtovu, yotuwa, inafala m'zaka za m'ma 1100, ndipo ya inki inachuluka pambuyo pake. Mawu oyamba akakhala pamwamba pa mzere woyamba, bukulo mwina ndi la chisanafike chaka cha 1230. Akakhala pansi pake, ndi la pambuyo pake. Katswiri wa mabuku akale N. R. Ker anaona zimenezi m'mabuku a ku England, ndipo alembi sanasinthe onse nthawi imodzi, ndiye chizindikirochi chiyerekezeni ndi kalembedwe ka zilembo musanatchule chaka.