Bilu ya nyumba ikasiyira mzinda wanu ngongole ku California, mungaitsutse bwanji

Ku California nyumba zinadula udyo, ndiye aphungu ku Sacramento, likulu la stetiyi, chaka ndi chaka amabwera ndi mabilu okakamiza mizinda kulola kumanga nyumba zambiri. Nyumbazo zikufunikadi, palibe angakane, koma funso lomwe amalizemba ndi loti alipire ndani mapaipi a madzi, suweji, ozimitsa moto komanso anthu a mapulani ku khonsolo omwe akuyenera kulembanso malamulo a mzinda. Ngati mumakhala kumeneko ndipo mukufuna kutsutsa, ndikuuzenitu, mukangopita ndi zoti sitikufuna nyumba kwathu kuno mwaluza kale. Pitani ndi nkhani ya ndalama.

Yambani mwaiwerenga biluyo nokha pa webusaiti ya nyumba ya malamulo ya leginfo, osadalira zomwe anthu akutumizirana pa Facebook. Thamangirani kumapeto kwenikweni, ndime yotsiriza ija anthu saiwerenga. Malamulo akulu a California, pa Article XIII B gawo 6, amati boma la steti likalamula mizinda kuchita ntchito yatsopano liyenera kubweza ndalama zake, izi zinabwera ndi Proposition 4, lamulo lomwe anthu anavotera okha mu 1979, patangotha chaka lina lotere, Proposition 13, litamanga manja mizinda pa msonkho wa malo ndi nyumba. Koma pali kachibowo, bilu imangolemba kuti palibe zobweza chifukwa mzinda uli ndi mphamvu zolipiritsa anthu mafizi. Bilu ya SB 9 ya 2021, ija inalola kugawa poloti pawiri n'kumangapo nyumba mpaka zinayi, inalembedwa choncho. Ndiye ntchito yanu ndi kuwonetsa kuti mafiziwo sangakwane, kapena kuti mapeto ake olipira ndi omwewo ofuna nyumba yotchipa aja.

Apa mukufunika manambala enieni, osati ongopeka. Bajeti ya mzinda si yachinsinsi, mutha kuiona pa intaneti, ndipo mukhoza kulembera ofesi ya mapulani kufunsa kuti biluyi ikadutsa afunika antchito angati owonjezera, mapaipi ati akhala ochepa, ndipo mtengo wake ndi zingati. Mukapeza, pitani ku msonkhano wa khonsolo, lamulo la Brown Act limawakakamiza kupereka mpata kwa anthu wamba kuyankhula, nthawi zambiri timphindi tiwiri kapena titatu basi ndiye musayambe ndi mbiri ya moyo wanu. Pemphani chinthu chimodzi, kuti makhansala avomereze kalata yotsutsa biluyo meya asaine. Kalata ya mzinda imalemera kuposa maimelo a anthu okwiya, ndipo bungwe la League of California Cities limasonkhanitsa mizinda pa nkhani ngati zimenezi, afunseni makhansala anu ngati alumikizana nalo kale.

Mu kalatamo ine ndimaona bwino kunena kuti tikutsutsa pokhapokha mutasintha izi ndi izi, kusiyana ndi kungokana ndithu. Lembani zomwe mukufunazo, kaya ndi ndalama zoti zibwere limodzi ndi lamulolo, kaya nthawi yokwanira yokonzekera, chifukwa phungu yemwe wabweretsa bilu amakambirana ndi amene wabwera ndi posinthira, wokana zonse amangomudumpha.

Nthawi ndiye ija imapha ambiri. Kalata itumizidwe kudzera pa tsamba la makalata la nyumba ya malamulo komiti isanakumane, masiku angapo m'mbuyo, kuti dzina la mzinda wanu lilowe mu lipoti lomwe aphungu amawerenga. Ndipo maso anu akhale pa makomiti a Appropriations, awa ndi oona za ndalama, mabilu odula amawaika pa mndandanda wotchedwa suspense file ndipo mu Meyi ndi mu Ogasiti amagamula tsiku limodzi kuti iyi ipite iyi ikhale, ambiri amafera pomwepo mwakachetechete. Bilu ya nyumba ya SB 50 ya seneta Scott Wiener inaimitsidwa mu komiti imeneyi mu Meyi 2019, kenako inakagwa pa voti mu Senate mu Januwale 2020. Imbirani foni ofesi ya seneta wanu ndi phungu wanu wa Assembly (nyumba ina ya malamulo kupatula Senate), tchulani nambala ya bilu ndi dera lomwe mumakhala, zatha.

Ikadutsa nyumba zonse ziwiri lemberani gavanala kuti asaisaine, kumapeto kwa nyengo ya zokambirana amakhala ndi masiku 30. Akasaina, mzinda ukhoza kukadandaula ku Commission on State Mandates kuti ubwezeredwe ndalama, koma wokasuma ndi mzinda osati inu, ndipo pali malire a miyezi 12 ndiye akumbutseni msanga. Kukhoti nakonso kulipo, mu 2024 mizinda ya Redondo Beach, Torrance, Carson, Whittier ndi Del Mar inawina mlandu wa SB 9 ku khoti la ku Los Angeles, koma maloya amadya ndalama zomwezo mukuti palibezo. Chomwe musawalimbikitse makhansala ndi kungonyozera lamulo lomwe lasainidwa kale, mzinda wa Huntington Beach unayesa zokana ndipo boma la steti linaukokera kukhoti.