Kusintha makalipa a mabuleki pa njinga ya gravel yamagetsi

Njinga ya gravel (yopangidwira misewu ya miyala ndi fumbi) yamagetsi imalemera kuposa inzake yopanda mota chifukwa cha batire ndi mota yomwe, ndipo eni ake ambiri amayenda nayo maulendo ataliatali atanyamula katundu. Mota imathandiza pokwera chitunda, koma potsetsereka ntchito yonse imatsalira mabuleki, ndipo makalipa ang'onoang'ono amene anapangidwira njinga zopepuka za pamsewu wa tala amatentha msanga n'kuyamba kufooka. Kalipa ndi kachipangizo kamene kamapana disiki ya pa wilo ndi mapadi awiri mukafinya liva (chogwirira buleki cha pa handulo), ndipo n'zotheka kuisintha nokha kunyumba, bola mudziwe kuti imagwira ntchito mogwirizana ndi liva, paipi, mafuta a buleki oyenda m'paipimo ndi disiki, moti mukalakwitsa chimodzi mwa zimenezi, kalipa yodula imasanduka chitsulo chachabe.

Musanatulutse ndalama, yambani mwaona ngati vuto lilidi pa kalipa. Mapadi akatha mpaka kutsala ochepera 0.5 mm, kapena akadontheredwa mafuta, buleki imafooka ngakhale kalipa ili bwinobwino. Disiki nayo imatha: za Shimano zambiri zimabwera zokhuthala 1.8 mm ndipo ziyenera kuchotsedwa zikafika pa 1.5 mm. Ngati muli ndi disiki ya 140 mm, kuika ya 160 mm kumawonjezera mphamvu ya buleki ndi pafupifupi 14 peresenti, ndipo disiki yaikulu imatayanso kutentha msanga. Kwa okwera ambiri, disiki yaikulu ndi mapadi achitsulo zimathetsa vutoli pa mtengo wotsika, ndipo ine ndimalangiza kuyamba ndi zimenezi. Onani kaye m'buku la njinga yanu kukula kwa disiki kumene foloko ndi fulemu zimalola, komanso musaike mapadi achitsulo pa disiki yolembedwa kuti ndi ya mapadi a resin (ofewa, osakhala achitsulo) okha.

Ngati zonsezi zili bwino koma mabuleki akukukhumudwitsanibe, chinthu choyamba kutsimikiza ndi mamangidwe a kalipa pa fulemu. Njinga za gravel zambiri zimagwiritsa ntchito flat mount, njira imene Shimano anabweretsa mu 2014, pomwe mabawuti awiri amatalikirana 34 mm. Njinga zamapiri zimagwiritsa ntchito post mount, pomwe mabawuti amatalikirana 74 mm. Pali tizitsulo tolumikizira tolola kalipa ya post mount kukhala pa fulemu ya flat mount, koma kumbuyo malo amakhala ochepa ndipo kalipa yaikuluyo imatha kugunda fulemu. Ndi bwino kugula kalipa yofanana ndi mamangidwe a fulemu yanu.

Chachiwiri, chimene chawonongetsa anthu ambiri ndalama, ndi mafuta. Mabuleki a Shimano, Magura, Tektro ndi Campagnolo amagwiritsa ntchito mineral oil, pomwe mabuleki a SRAM a mahandulo opindika monga Rival, Force ndi Red amagwiritsa ntchito DOT 5.1. Timphira totchinga mafuta m'kati mwa liva ndi kalipa timapangidwira mtundu umodzi wokha, ndipo tikakumana ndi mtundu winawo timatupa kapena kuwonongeka, buleki n'kusiya kugwira. Choncho kalipa ya SRAM ya DOT siyingalumikizidwe ku liva ya Shimano GRX, ngakhale mabawuti ake atalowa bwinobwino pa fulemu. Mafuta a DOT amapezeka mosavuta m'masitolo ogulitsa zipangizo zamagalimoto, ndipo kupezeka kwakeko n'kumene kumanyenga ena kuwathira m'mabuleki a Shimano, koma inu musachite zimenezo. DOT 5 nayenso ndi wosiyana ndi DOT 5.1 ndipo sayenera kulowa m'mabuleki amenewa. Kampani ya Hope, ya ku Barnoldswick ku England, imapanga kalipa ya mapisitoni anayi (tizitsulo tokankha mapadi) yotchedwa RX4+, ndipo imaitulutsa m'mitundu iwiri, wina wa mineral oil ndi wina wa DOT, kotero poitanitsa muyenera kutchula liva imene muli nayo. Dziwaninso kuti kalipa ya mapisitoni anayi imatha kufuna mafuta ochulukirapo kuti mapadi asunthe, ndipo liva ikhoza kumira pang'ono kuposa mmene munazolowerera isanagwire.

Ngati mabuleki anu ndi a waya, nkhani yake ndi yopepuka. Kalipa monga TRP Spyre imakankha mapadi onse awiri, ndipo TRP HY/RD imakokedwa ndi waya koma ili ndi mafuta m'kati mwake. Zonse ziwiri zimagwira ndi maliva anu akale.

Chachitatu chimakhudza njinga zamagetsi zokha. Ngati mota ili pakati pa wilo lakumbuyo, monga mamota a Mahle X35 ndi X20, yezani mpata pakati pa disiki ndi thupi la mota, chifukwa kalipa yonenepa ikhoza kukhuza mota kapena masipoko. Ngati mota ili pa mapedulo, monga ya Bosch, Fazua kapena TQ, fufuzani kumene kuli maginito amene amauza mota liwiro la njinga. Pa njinga zina maginitowo amakhala pa disiki yakumbuyo, ndipo mukaika disiki yatsopano yopanda maginito, mota imaonetsa vuto kapena kusiyiratu kuthandiza. Njinga zinanso zili ndi kawaya pa liva kamene kamadula mota mukafinya buleki, ndipo kameneka kasaiwalike ngati mukusinthanso maliva.

Pa tsiku la ntchito, zimitsani njinga, ndipo chotsani batire ngati imachoka. Konzani ma Allen key, kiyi ya Torx T25, sipanala yaing'ono ya nati ya paipi, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), zida zotulutsira mpweya za mtundu wa mabuleki anu, olive ndi insert zatsopano (tizitsulo tiwiri tolowa pa nsonga ya paipi kuti mafuta asadonthe), magolovesi, nsanza zoyera ndi isopropyl alcohol. Chotsani wilo, ndipo ngati mota ili m'wilomo samalani polumikizira magetsi kuti musapinde kapena kuipitsa. Tulutsani mapadi m'kalipa yatsopano, muwasunge kutali ndi mafuta, ndipo m'malo mwake muikemo kapulasitiki kotchedwa bleed block kamene kamaletsa mapisitoni kutuluka.

Masulani paipi pa kalipa yakale mutaika nsanza pansi, chifukwa mafuta a DOT amadya penti. Pa njinga zamagetsi mapaipi amadutsa m'kati mwa fulemu pafupi ndi batire ndi mawaya, kotero musalole paipi kubwerera m'kati. Kuitulutsanso kungafune kutsitsa mota. Ngati paipi yakale ikugwirizana ndi kalipa yatsopano, dulani nsonga yake molunjika ndi chodulira chakuthwa, mulowetse nati, olive ndi insert zatsopano, kenako mumange molingana ndi mlingo wolembedwa m'buku la kalipayo. Olive yakale siibwezeredwa, chifukwa inaphwanyika kale pomanga koyamba. Mapaipi a Shimano alipo a BH59 ndi BH90, ndipo insert ya wina siyenera kulowa mwa mnzake.

Pomanga kalipa ya flat mount kumbuyo, mabawuti amalowera kunsi kudutsa m'fulemu, ndipo kutalika kwawo kumadalira kukhuthala kwa fulemu pamalopo. Pa makalipa a Shimano bawuti imatalika 13 mm kuposa fulemu, kotero fulemu yokhuthala 25 mm imafuna bawuti ya 38 mm. Yaifupi imagwira mano ochepa ndipo ikhoza kuzuka, pomwe yaitali imafika kumapeto kalipa isanalimbe. Kutsogolo, pa mafoloko ambiri kalipa imakhala pa kachitsulo kamene kamatembenuzika, mbali ina ya disiki ya 140 mm ndi ina ya 160 mm, choncho werengani zolembedwapo musanamange.

Kutulutsa mpweya ndi gawo limene limafuna kudekha. Pa Shimano mumamanga kafanulo pa liva, n'kukankha mafuta kuchokera ku kalipa ndi sirinji mpaka thovu litasiya kutuluka m'kafanulomo. Pa SRAM mumagwiritsa ntchito masirinji awiri, wina ku liva wina ku kalipa. Gogodani paipi ndi kalipa pang'onopang'ono kuti timathovu tobisala tikwere, ndipo pendekani mahandulo monga buku likunenera, chifukwa mpweya umakonda kubisala m'maliva a mahandulo opindika. Liva ikagwira molimba osamira, tsekani zonse, pukutani kalipa ndi isopropyl alcohol, kenako bwezerani mapadi ndi wilo ndi manja oyera.

Kuti kalipa ikhale pakati, siyani mabawuti omasuka pang'ono, finyani liva, ndipo mumange mosinthanasinthana muli chifinyire mpaka torque wrench itaonetsa pakati pa 6 ndi 8 Nm ngati ndi ya Shimano. Zungulizani wilo n'kuyang'ana mpata wa mbali zonse za disiki. Ngati ikukhuzabe, masulani bawuti imodzi ndi kusuntha kalipa ndi dzanja pang'ono.

Mapadi atsopano sagwira mokwanira mpaka atasiya kachigawo kake kopyapyala pa disiki. Pezani msewu wathyathyathya wopanda magalimoto, thamangani pang'ono, finyani buleki imodzi mwamphamvu mpaka mufike pa liwiro la munthu woyenda pansi koma osaimiratu, ndipo bwerezani kokwana 20 pa buleki iliyonse. Mukamaliza, finyani liva mwamphamvu kwa kanthawi n'kuyang'ana polumikizira paipi ndi pozungulira mapisitoni. Mukaona chinyezi cha mafuta, kapena liva ikamamira pang'onopang'ono, musapite nayo kumtsetse; mangani polumikizirapo ndi olive ina yatsopano, mutulutsenso mpweya, kapena pitani nayo kwa makaniko amene ali ndi zida za mtundu wa mabuleki anuwo.